Agwape oyera ndi amawangamawanga: mafunso ndi mayankho

Nthawi ndi nthawi pamatuluka chithunzi cha gwape woyera mbee ataima m'mphepete mwa nkhalango ku America kapena ku Ulaya, ndipo mafunso amene anthu amafunsa akachiona amakhala omwewomwewo. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira apafupi mpaka ofuna kufotokoza mwakuya.

Kodi agwape oyerawa alikodi, kapena ndi zithunzi zokonza pa kompyuta?

Aliko ndithu. Si mtundu wapadera wa nyama ayi. Ndi agwape wamba amene anabadwa ndi ubweya woyera thupi lonse kapena mbali zina, pomwe amayi awo ndi abale awo nthawi zambiri amakhala abulauni. Ku America amene amajambulidwa kwambiri ndi a mtundu wa white-tailed deer. Ku Ulaya ndi a mitundu ya red deer, fallow deer ndi roe deer.

Zoona, zithunzi zopeka zachuluka masiku ano, choncho si kulakwa kufunsa kuti chithunzi chinajambulidwa kuti. Koma nyamazo anthu akhala akuziona ndi kulemba za izo kwa zaka mazanamazana, kompyuta isanaganiziridwe n'komwe.

Kodi ndi gwape yemweyu timamudziwa kunoyu?

Ayi. Gwape wathu, pamodzi ndi mbawala, nswala, mphoyo ndi ngoma, ali m'banja limodzi ndi ng'ombe ndi mbuzi. Nyanga zawo zikamera zamera, sizithothoka ndipo sizichita nthambi. Agwape amene tikukamba pano ndi a banja lina. Amphongo awo amamera nyanga za fupa lokhalokha, zanthambinthambi, zimene zimagwa chaka chilichonse n'kuphukanso zina.

Mu Africa monse muno, mtundu wa banja limeneli umene uli wachikhalire ndi umodzi wokha, wa kumapiri a Atlas ku Algeria ndi Tunisia. Ku South Africa kuli a fallow deer, koma anachita kubwera nawo kuchokera ku Ulaya.

N'chiyani chimawachititsa kuyera?

Mtundu wa ubweya, khungu ndi maso umachokera ku chinthu chotchedwa melanin, chimene thupi limapanga lokha. Melanin ikasowa, ubweya umatuluka woyera. Kusowako kumachitika m'njira zitatu, ndipo anthu ambiri amazisokoneza.

Yoyamba ndi chialubino. Apa thupi lonse limalephera kupanga melanin, n'chifukwa chake ubweya umayera, mphuno imakhala yapinki, ziboda zimakhala zotuwa, ndipo maso amaoneka ofiirira chifukwa mitsempha ya magazi imaonekera.

Yachiwiri akatswiri amaitcha leucism. Thupi limatha kupanga melanin, koma maselo amene amaipanga safika pakhungu ndi paubweya pamene mwana akuumbika m'mimba. Maso amakhala ndi mtundu wake monga mwa nthawi zonse. Agwape ambiri oyera amene anthu amawatchula kuti alubino amakhala a gulu ili.

Yachitatu ndi ya mawangamawanga, imene pa Chingerezi amati piebald. Maselo aja amafika mbali zina za thupi n'kulephera kufika mbali zina. Gwape amatha kukhala ndi kabanga koyera kamodzi pantchafu, kapena kuyera pafupifupi thupi lonse n'kungotsala ndi bulauni pamutu. Palibe awiri amene mawanga awo amafanana. Mukamuonera patali mutha kulumbira kuti ndi mbuzi ya munthu imene yasochera m'tchire.

Nanga ndingawasiyanitse bwanji pa chithunzi?

Yang'anani maso, mphuno ndi ziboda. Zonse zikakhala zapinki kapena zotuwa, ndi wachialubino. Maso akakhala akuda kapena abulauni pa thupi loyera, ndi leucism. Pakakhala banga labulauni ngakhale limodzi, ndi wamawangamawanga, ngakhale kuti gwape woyera amathanso kuda ndi matope kapena ndi mafuta otuluka m'miyendo yakumbuyo ndi pamphumi, ndiye musafulumire kuweruza.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapusitsa anthu. Ana a white-tailed deer onse amabadwa ndi timadontho toyera pamsana, timene timazimiririka akakwanitsa miyezi itatu kapena inayi. Amenewo si amawangamawanga. Komanso gwape aliyense wa mtunduwu ndi woyera kumimba, pakhosi ndi kunsi kwa mchira.

A fallow deer ndiye nkhani ina. Mtundu umenewu anthu akhala akuuweta m'mapaki a mafumu ndi anthu olemera kwa zaka zambirimbiri, ndipo oyera pakati pawo si achilendo. Amabadwa otuwira ngati mchenga n'kumayera pamene akukula. Zithunzi zambiri zochokera ku England zimakhala za amenewa.

Zimatheka bwanji kuti makolo abulauni abereke mwana woyera?

Mwana amalandira chibadwa kuchokera kwa mayi ndi kwa bambo. Jini (kachigawo ka chibadwacho) ya chialubino ndi yobisalira: gwape akailandira kuchokera kwa kholo limodzi lokha, iye amaoneka wabulauni, koma amayenda nayo m'thupi. Agwape awiri oterewa akakumana, mwana aliyense amene angabereke amakhala ndi mwayi umodzi pa inayi wobadwa woyera. Mapasa amatha kubadwa wina woyera wina wabulauni. Mawangamawanga nawonso akatswiri amawaona kuti amayenda m'njira yofanana ndi imeneyi.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. M'nkhalango yaikulu imene agwape amayenda momasuka, n'kovuta kuti awiri onyamula jiniyi akumane. Koma gulu likatsekeredwa malo amodzi n'kumakwerana pachibale, mwayi umakula msanga. Onani yankho la za ku Seneca m'munsimu.

Ndi osowa motani?

Palibe amene anawerengapo agwape onse a m'tchire, choncho ziwerengero zonse n'zongoyerekeza. Chimene chimatchulidwa kawirikawiri ku America n'chakuti wachialubino amapezeka mmodzi pa agwape 20,000 mpaka 30,000. Amawangamawanga ndi ochulukirapo, koma sapitirira mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, ndipo m'madera ambiri ndi ochepa kuposa pamenepo. Mlenje atha kusaka moyo wake wonse osaonapo woyera.

Ena amafunsa ngati akuchuluka masiku ano. Chimene chachuluka mosakayikitsa ndi makamera. Alenje a ku America amamangirira makamera pamitengo amene amajambula okha nyama ikadutsa, ndipo aliyense ali ndi foni m'thumba. Gwape mmodzi yemweyo atha kujambulidwa ndi anthu makumi angapo pa mwezi umodzi.

Kodi n'zoona kuti amawangamawanga amakhala olumala?

Ena, osati onse. Vuto limene limasokoneza mtundu wa ubweya limatha kukhudzanso mafupa. Zimene zimaoneka kawirikawiri ndi mphuno yokhota, chibwano chakumunsi chachifupi, miyendo ifupiifupi kapena yopindika m'mfundo, ndi msana wokhota. Ena amakhalanso ndi mavuto a ziwalo zam'kati. Ana amene vutoli lawagwira kwambiri amafa akadali aang'ono, ena atangobadwa kumene.

N'chifukwa chake amene timawaona pa zithunzi amaoneka athanzi: ndi amene anapulumuka. Alipo amphongo amawangamawanga amene amakula bwinobwino, nyanga zawo n'kuchita kaso, ndipo amabereka ngati gwape wina aliyense.

Nanga oyera amakhalitsa m'tchire?

Mwana wa gwape chitetezo chake n'kubisala. Mayi amamusiya atagona phee mu udzu kwa maola ambiri, ndipo ubweya wake wabulauni wamadontho umamubisa kwa mimbulu, zimbalangondo ndi nkhandwe zotchedwa coyote. Mwana woyera mwayi umenewo alibe. Wachialubino amavutikanso ndi maso, chifukwa melanin imafunika kuti diso liumbike bwino. Saona patali ndipo kuwala kumamuthobwa.

Komabe amene wadutsa miyezi yoyambirira amatha kukhala zaka zambiri. Kumpoto kwa America, kumene chipale chimakuta nthaka miyezi ingapo pachaka, nyengo yozizira woyera ndiye amabisika kuposa anzake. Ndipo m'madera ambiri a kumeneko chimene chimapha agwape akuluakulu kwambiri si zilombo ayi, koma mfuti ndi magalimoto. Kumene alenje amawaleka, oyera amakalamba kuposa abulauni.

Kodi gulu lodziwika kwambiri lili kuti?

Ku Seneca, m'chigawo cha New York, pakati pa nyanja ziwiri za Seneca ndi Cayuga. Mbiri yake ndi yochititsa chidwi chifukwa palibe amene anakonza zoti kukhale agwape oyera.

Mu 1941 asilikali a America anatenga malo opitirira maekala 10,000 kuti amangepo nkhokwe za zida zankhondo, ndipo anawazunguliza ndi mpanda wotalika makilomita pafupifupi 39. Agwape ochepa amene anali mkatimo anatsekeredwa momwemo. Ena mwa iwo anali ndi jini ija mosadziwika. Mu 1949 anthu anayamba kuona oyera, ndipo mkulu wa asilikali pamalopo analamula kuti aliyense asawombere gwape woyera. Agwape atachulukitsa, asilikali anayamba kuwasaka kuti achepe, koma ankapha makamaka abulauni. Taganizirani zimenezo zikuchitika chaka ndi chaka: mpanda ukuletsa magazi achilendo kulowa, mfuti ikuchotsa abulauni, oyera akungoberekana. Pa nthawi ina oyera anafika pafupifupi 200, limene linali gulu lalikulu kwambiri la white-tailed deer oyera lodziwika padziko lonse. Maso awo ndi abulauni, ndiye kuti ndi a leucism, osati achialubino.

Malowa anatsekedwa mu 2000. Asilikali atachoka, mpanda unayamba kuwonongeka, tchire linakula n'kuphimba malo odyera, ndipo chiwerengero cha oyera chinatsika kwambiri. Mu 2016 gawo lalikulu la malowa linagulidwa ndi munthu wabizinesi wa m'deralo, ndipo mbali ina inasanduka Deer Haven Park, kumene alendo amapita kukaona agwapewa akuyendayenda pakati pa nkhokwe zakale zakonkire zimene munkakhala mabomba.

Kwina kumene amapezeka ochuluka n'kuti?

Ku Wisconsin, chigawo china cha America, makamaka ku Boulder Junction kumpoto kwa chigawochi, ndi ku Leland chakum'mwera. Kumeneko kulibe mpanda, koma kuli lamulo, ndipo anthu a m'midzi imeneyi amawanyadira agwapewa moti alendo amabwera kudzawajambula. Ku England kuli gulu la a fallow deer oyera pa Houghton Hall ku Norfolk. Ku Czech Republic amasunga a red deer oyera m'paki ya ku Žleby.

Mukaonetsetsa malo onsewa, paliponse pamene oyera achuluka pali dzanja la munthu: mpanda, lamulo, kapena mwambo woletsa kuwapha. Chilengedwe pachokha chimawatulutsa mwa apo ndi apo basi.

Kodi lamulo limalola kuwasaka?

Zimatengera kumene muli. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake osakira nyama. Wisconsin inayamba kuteteza agwape oyera mu 1940, koma amawangamawanga amaloledwa kuwasaka. Illinois imatetezanso oyera thupi lonse. Iowa imaletsa kupha gwape amene mbali yoposa theka ya thupi lake ndi yoyera, ndiye mlenje amayenera kuyeza ndi maso asanakhethemule mfuti. Tennessee imateteza achialubino. Michigan inali ndi lamulo lotere koma inalichotsa mu 2008. M'zigawo zambiri gwape woyera amasakidwa ngati wina aliyense, ndipo ku Britain nakonso kulibe lamulo lapadera lomuteteza, kupatula malamulo a nyengo zosakira amene amakhudza agwape onse.

Lamulo kulola si ndiye kuti anthu alola. Mu 2014 mnyamata wa zaka 11 ku Michigan anapha gwape wamphongo wachialubino motsata malamulo, koma chithunzi chake chitafalikira, banja lake linalandira matukwano ndi ziopsezo kuchokera kwa anthu osawadziwa n'komwe.

N'chifukwa chiyani akatswiri ena a nyama safuna kuti azitetezedwa?

Iwo amati lamulo lotere limachokera mumtima, osati mu sayansi. Gwape woyera si mtundu umene uli pangozi yotha. Kumuteteza n'kumapha abulauni ndi kuchulukitsa dala chibadwa chimene chimabwera ndi maso ofooka kapena mafupa opindika. Amatchulanso matenda a chronic wasting disease, amene amawononga ubongo wa agwape ndipo alibe mankhwala. Kumene matendawa afala, gwape amene saloledwa kuphedwa amakhala nthawi yaitali ndipo akadwala amapatsira anzake ambiri.

Oteteza amayankha kuti oyera ndi ochepa zedi moti sangafooketse gulu la agwape mamiliyoni, ndipo gwape mmodzi wamoyo amasangalatsa anthu ambirimbiri kwa zaka, pomwe wakufa amakongoletsa khoma la munthu mmodzi.

Ife tikuona kuti mbali zonse zimakokomeza. Akatswiri akunena zoona kuti kuyera si phindu kwa gwape mwiniwake. Koma mantha akuti gulu lonse liwonongeka alibe mphamvu kwenikweni pamalo opanda mpanda, chifukwa jiniyi imayenda kwambiri mwa abulauni amene palibe angawazindikire, ndipo kupha oyera sikungaithetse. Mudzi ukasankha kusunga agwape ake oyera chifukwa choti amawakonda, ndi chifukwa chokwanira, bola osachipaka utoto wa sayansi. Pa nkhani ya matenda ija pokha ndi pamene akatswiri ayenera kumveredwa.

Kodi nyama yake imadyedwa?

Inde. Mtundu wa ubweya sukhudza nyama.

Amati kupha gwape woyera kumabweretsa tsoka. Zinachokera kuti?

Chikhulupiriro chimenechi n'chakale ndipo chimapezeka m'maiko otalikirana. Alenje a ku Germany, Austria ndi maiko oyandikana nawo ankati wopha nyama yoyera samaliza chaka. Nkhani imene amakonda kutchula ndi ya Franz Ferdinand, amene ankayembekezera ufumu wa Austria. Mu August 1913 iye anawombera chamois yoyera, nyama ya kumapiri ya m'banja la mbuzi, ndipo pa 28 June 1914 anaphedwa ku Sarajevo, imfa imene inabutsa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Ofotokoza nkhaniyi amaiwala kunena kuti mkuluyu anapha nyama zoposa 270,000 pa moyo wake. Pa mulu wotere, yoyera sikanalephera kupezekapo.

Kwina gwape woyera ndi chizindikiro cha ulemu. Mfumu Richard II ya ku England, imene inalamulira kuyambira 1377 mpaka 1399, inasankha gwape wamphongo woyera kukhala chizindikiro chake, ndipo mpaka lero malo omwera mowa ambirimbiri ku England amatchedwa White Hart, kutanthauza gwape wamphongo woyera. Okonda mpira akukumbukira White Hart Lane, bwalo limene timu ya Tottenham inkasewerera mpaka 2017. Ku Japan, mwambo umati mulungu wa kachisi wa Kasuga anafika ku Nara atakwera gwape woyera, n'chifukwa chake agwape a mumzindawu amalemekezedwa. Ku Canada, mu 2013, alenje atapha moose yoyera (nyama yaikulu kuposa zonse m'banja la agwape) ku Cape Breton, anthu a mtundu wa Mi'kmaq anakhumudwa kwambiri chifukwa kwa iwo nyamayo ndi yopatulika. Alenjewo anapereka chikopa chake kuti achitire mwambo.

Miyambo imeneyi yathandiza kusunga nyamazi, koma kuyerako ndi nkhani ya melanin basi. Izi tiyenera kuzinena momveka kwathu kuno, kumene abale athu achialubino akhala akuphedwa chifukwa cha bodza: m'thupi lopanda melanin, la nyama kapena la munthu, mulibe chizimba, mulibe chuma, mulibe tsoka.

Chinachitika n'chiyani kwa gwape woyera wa ku Bootle?

Mu September 2021 gwape wamphongo woyera anaoneka akuthamanga m'misewu ya Bootle, pafupi ndi Liverpool. Bungwe loona za ufulu wa nyama la RSPCA linalangiza kuti amusiye abwerere yekha, koma apolisi anamuwombera ponena kuti akanachititsa ngozi pamsewu ndipo sanapeze owathandiza kumugwira wamoyo. Anthu ambiri anakwiya.

Ku Britain ena amaphedwa ndi opha nyama mozemba. Mu 2007 gwape wamphongo woyera amene anthu a m'malire a Devon ndi Cornwall ankamusunga mwachinsinsi anapezeka ataphedwa, mutu atadula. Ichi n'chifukwa chake osamalira nyama ambiri akajambula gwape woyera satchula malo enieni.

Nanga nyama za mu Africa muno zimayeranso chonchi?

Inde, zimachitika pa nyama zamitundumitundu. Mikango yoyera ya ku Timbavati ku South Africa ndi ya leucism. Ku Garissa, m'dziko la Kenya, kunali akadyansonga oyera atatu, koma mu March 2020 wamkazi ndi mwana wake anapezeka ataphedwa ndi opha nyama mozemba. Wamphongo amene anatsala anamuika kachipangizo ka GPS kuti oyang'anira azidziwa kumene ali.

Ku South Africa alimi a nyama zakutchire anachita dala zimene zinangochitika mwangozi ku Seneca. Ankatsekera springbok zoyera (nyama zofananako ndi nswala), nswala zakuda ndi nyumbu zagolide m'mipanda n'kumaziswanitsa kuti azigulitsa pamtengo wokwera. Mitengo inakwera modabwitsa kwa zaka zingapo, kenako inagwa nyamazo zitachuluka, popeza chimene ogula ankalipira chinali kusowa kwake.

Kodi aliponso agwape akuda bii?

Alipo. Iwowa thupi lawo limapanga melanin yopitirira muyeso. Pakati pa white-tailed deer, akuda ndi osowa kuposa oyera, ndipo ambiri amene aonedwapo ndi a m'chigawo chapakati cha Texas. Pakati pa fallow deer akuda ndi wamba.

Ndikakumana naye ndichite chiyani?

Ngati muli ku America kapena ku Britain ndipo mwayi wakugwerani, imani patali mujambule. Mukamayendetsa galimoto chepetsani liwiro, chifukwa agwape amayenda motsogozana ndipo mmodzi akadumpha msewu ena amakhala ali pambuyo. Musawapatse chakudya. Amazolowera anthu n'kuyamba kuyandikira misewu, komanso m'madera ena a ku America kudyetsa agwape n'koletsedwa pofuna kupewa matenda amene tatchula pa funso la akatswiri lija.

Chithunzi mutha kugawana ndi anzanu, koma musatchule malo enieni, ndipo onetsetsani kuti foni sinalembe malowo pa chithunzicho. Mukapeza kamwana koyera katagona kokha mu udzu, musakanyamule poganiza kuti amake akataya. Amake amakhala ali chapafupi ndipo amabwera kudzakayamwitsa kangapo patsiku. Kakakhala kovulala kapena amake atafa poonekera, imbirani a nthambi yoona za nyama zakutchire m'deralo, popeza m'zigawo zambiri za America kusunga gwape pakhomo popanda chilolezo ndi mlandu.